Zithunzi za mafumu a ku India ndi njira ya Goa yomwe inafika mpaka ku Macanga

Mukakhala pansi ndi akuluakulu a ku Furancungo kapena ku Chidzolomondo n'kuwafunsa za mafumu akale a Macanga, dzina la Chinsinga silichedwa kutuluka. Koma kholo la banja limeneli silinabadwire kuno. Gonçalo Caetano Pereira, yemwe anthu ankamutcha Dombo Dombo, anali wochokera ku Goa, m'dziko la India. Anafika kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi m'zaka za m'ma 1700 pofunafuna golide. Ana ndi adzukulu ake anakwatira mwa Achewa, anapalana ubale ndi Undi, anatenga mayina a kuno, ndipo analamulira Macanga mpaka mu 1902 pamene Apwitikizi anagwetsa Chinsinga.

Goa ndi doko la kumadzulo kwa India lomwe Apwitikizi analanda mu 1510. Mpaka chaka cha 1752, madera a Mozambique omwe anali m'manja mwa Apwitikizi ankalamulidwa kuchokera kumeneko. Zombo zinkabwera ndi nsalu, mikanda, asilikali ndi ansembe, n'kubwerera ndi minyanga, golide ndi akapolo. Pakati pa katundu ameneyu panalinso zithunzi zojambula pamanja. Zina zinakwera Zambezi, zina zinalowa m'nyumba za mafumu a ku India. Zomwe mafumuwo anachita nazo zikutiphunzitsa chinthu chimodzi chomwe chikugwirabe ntchito lero: chizindikiro chikawoloka malire, mwini tanthauzo amakhala wochilandira, osati wochibweretsa.

Chithunzi chomwe chinadutsa pa Tete

Mu 1560 wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Gonçalo da Silveira, anachoka ku Goa kubwera ku Mozambique. Anakwera Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, ndipo kumapeto kwa chakacho anafika kwa Mwenemutapa, mfumu yaikulu ya kumwera kwa mtsinjewu, m'dera lomwe lero ndi kumpoto kwa Zimbabwe. M'katundu wake munali chithunzi cha Maria, amayi a Yesu.

Malinga ndi makalata a Ajezuiti a nthawi imeneyo, anthu a mfumu ataona chithunzicho anakauza mfumu kuti mlendo uja akusunga mkazi wokongola m'nyumba mwake. Mfumu inatuma mthenga kuti imuone mkaziyo. Silveira anakulunga chithunzicho m'nsalu yabwino n'kupita nacho, ndipo chinaikidwa m'nyumba ya mfumu. Patapita masiku, mfumu inanena kuti mayi wa pachithunzi akumaidzera kutulo n'kumalankhula chinenero chomwe siinkachimva. Mu Januwale 1561 mfumuyo ndi amayi ake anabatizidwa. Mu Marichi chaka chomwecho Silveira anaphedwa, alangizi a mfumu pamodzi ndi amalonda achisilamu atamunena kuti ndi kazitape komanso mfiti.

Nkhaniyi analemba ndi ansembe, choncho tikumva mbali imodzi. Ngakhale zili choncho, chikuoneka n'chakuti chithunzi chimodzi chinali ndi matanthauzo awiri. Kwa wansembe chinali chida chophunzitsira chikhristu. Kwa mfumu, yomwe inkadziwa kuti mizimu imalankhula m'maloto, chinali chinthu champhamvu chomwe chiyenera kukhala m'nyumba ya mfumu osati ya mlendo.

Akbar ndi ojambula ake

Patapita zaka 20, mu 1580, ansembe ena atatu a chipani chomwecho, ochokera ku Goa komweko, anafika ku Fatehpur Sikri, kumpoto kwa India. Iwo anali Rodolfo Acquaviva, Antonio Monserrate ndi Francisco Henriques. Anawaitana ndi mfumu Akbar, yomwe inalamulira kuyambira 1556 mpaka 1605.

Akbar anali wa banja la Mughal, Asilamu omwe makolo awo anachokera pakati pa Asia n'kukhazika ufumu ku India mu 1526. Anthu ambiri omwe ankawalamulira anali Ahindu. Akbar mwini sankawerenga, mabuku ankachita kumuwerengera, koma ankakonda mikangano ya zachipembedzo ndipo ankakonda zithunzi koposa. Panyumba yake ankasunga ojambula oposa 100. Aphunzitsi awo oyamba, Mir Sayyid Ali ndi Abd al-Samad, anachokera ku Persia, dziko lomwe lero timati Iran. Ophunzira ambiri anali Ahindu, monga Basawan, Daswanth ndi Kesu Das. Utoto ankapanga okha ndi miyala yopera, zomera ndi golide, ndipo tiburashi tawo tinali ta ubweya wa gologolo. Zithunzi zambiri zinali zazing'ono, zoika m'mabuku, zomwe mfumu ndi nduna zake ankapatsirana pamanja.

Ansembe aja anabweretsa Baibulo lalikulu la zinenero zingapo losindikizidwa ku Antwerp, lokhala ndi zithunzi, komanso zithunzi za Yesu ndi Maria. Akbar anazilandira mwaulemu waukulu ndipo analamula ojambula ake kuti azikopere. Ansembe analembera anzawo ku Goa kuti mfumu yatsala pang'ono kutembenuka. Sinatembenuke. Mwana wake Jahangir, yemwe analamulira kuyambira 1605 mpaka 1627, anafika pojambulitsa Yesu ndi Maria pamakoma a nyumba zake zachifumu, koma nayenso anamwalira ali Msilamu.

Nanga ankamufuniranji Maria? Choyamba, kwa Asilamu Maria si mlendo. M'Qur'an amatchedwa Maryam ndipo ali ndi chaputala chake. Chachiwiri, banja la Mughal linali ndi nthano yakuti kholo lawo lachikazi, Alanqua, anatenga pathupi kudzera m'kuwala kochokera kumwamba, ndipo mlembi wa Akbar, Abu'l Fazl, anamuyerekeza ndi Maria. Amayi a Akbar anapatsidwa dzina laulemu lakuti Maryam Makani, ndipo amayi a Jahangir ankatchedwa Maryam-uz-Zamani. Choncho Maria pakhoma la mfumu ya Mughal ankanena kuti banja ili nalonso ndi losankhidwa ndi Mulungu. Chithunzi chinali cha ku Ulaya, uthenga unali wa mwini nyumba.

Ansembe nawo anaphunzira kuyenda m'njira yomweyo. Mu 1602 Jerónimo Xavier anapereka kwa Akbar buku la moyo wa Yesu m'chinenero cha ku Persia, ndipo ojambula a mfumu anaikamo zithunzi zomwe nyumba zake ndi zovala zambiri zikuoneka za ku India. Jerónimo ameneyu anali wachibale wa Francisco Xavier, woyera yemwe mishoni ya Lifidzi ku Angónia imatchedwa dzina lake, ndipo thupi lake likusungidwa ku Goa mpaka lero.

Mfumu yokhala pa botolo la mchenga

Kuti timve bwino mmene kubwereka zizindikiro kunkachitikira, tiyeni tiyende pa chithunzi chimodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anachijambula ndi Bichitr cha pakati pa 1615 ndi 1618. Kukula kwake n'kongofanana ndi tsamba la kope la kusukulu, ndipo lero chili ku Freer Gallery mumzinda wa Washington.

Jahangir wakhala pamwamba, ndipo kumbuyo kwa mutu wake kuli chizunguliro chachikulu chowala, dzuwa lagolide lomwe lakhala m'kati mwa mwezi wongotuluka kumene. Akhristu a kuno amachidziwa chizunguliro chotere pa zithunzi za oyera m'tchalitchi. Ojambula a Mughal anachionanso pa zithunzi zochokera ku Goa, koma sichinali chachilendo kwenikweni. Zaka mazana ambiri m'mbuyomo, amisiri a ku India ankachiika kumutu kwa Buddha ndi kwa milungu ya Ahindu, ndipo ku Persia kunali chikhulupiriro chakale chakuti mfumu yoona imakhala ndi kuwala kochokera kwa Mulungu. Dzina lina la Jahangir linali Nur al-Din, kutanthauza kuwala kwa chipembedzo. Motero Msilamu, Mhindu ndi mlendo wachikhristu, aliyense ankatha kuwerenga chizindikirochi m'chikhulupiriro chake, ndipo onse ankafika pa mfundo imodzi, yakuti munthu uyu ndi woposa anthu wamba.

Mpando womwe wakhalira si mpando wamba. Ndi botolo la galasi lopanikizika pakati, lomwe mchenga umatsika pang'onopang'ono kuchoka kumtunda kupita kumunsi. Azungu ankayezera nthawi ndi chida chimenechi, ndipo pa zithunzi zawo chinkakumbutsa munthu kuti masiku ake akutha. Bichitr anakhazika mfumu pamwamba pake, n'kuika tiangelo tiwiri ta mapiko tokhala ngati makanda, tomwenso anatitenga pa zithunzi za ku Ulaya, tikulemba pagalasipo mawu ofunira mfumu moyo wa zaka 1000. Chizindikiro cha imfa chinasanduka mpando wa munthu wofuna kuoneka ngati wolamulira nthawi.

Kumanzere kwa chithunzi kwaima anthu anayi, wina pamwamba pa mnzake. Woyamba ndi shehe wa ndevu zoyera, wosunga manda a munthu woyera ku Ajmer, ndipo ndi iyeyo amene mfumu ikumupatsa buku. Wachiwiri ndi sultani wa ku Turkey. Wachitatu ndi James I, mfumu ya ku England. Wachinayi ndi Bichitr mwini, Mhindu, atanyamula kachithunzi.

James sanapondepo ku India. Nkhope yake anaikopera pa chithunzi chochokera ku England m'masiku a kazembe Thomas Roe, yemwe anakhala kwa Jahangir pakati pa 1615 ndi 1619 akupempha chilolezo chochitira malonda. Ku London chithunzi chotere chinkajambulidwa kuti chionetse ukulu wa James. Ku India chinaikidwa pamalo achitatu pamzere, pansi pa nkhalamba yopemphera. Uthenga wake ndi wakuti mafumu a dziko angathe kudikira, Jahangir amayamba waona anthu a Mulungu. Mphatso ya Angerezi inasanduka umboni wa ukulu wa wolandira.

Munthu wa ku Africa yemwe muvi sunamulase

Chithunzi chachiwiri chikutikhudza kwambiri chifukwa mdani wa pachithunzipo ndi munthu wakuda. Malik Ambar anabadwira ku Ethiopia cha m'ma 1548. Anagulitsidwa ukapolo ali mwana, anadutsa m'manja mwa ogula angapo ku Arabia ndi ku Baghdad, mpaka anafika m'chigawo cha Deccan, chapakati pa India. Kumeneko anakhala msilikali, anapeza ufulu, anasonkhanitsa gulu lake lankhondo, ndipo pomaliza ndiye ankayendetsa ufumu wa Ahmadnagar. Anamanga mzinda wa Khirki, womwe pambuyo pake unatchedwa Aurangabad, anaukokera madzi, ndipo anakonza msonkho wa minda kuti uzitengera kukula kwa munda ndi zokolola. Kwa zaka zoposa 20 anatsekereza asilikali a Mughal omwe ankafuna kulanda dzikolo.

Cha m'ma 1616 wojambula Abu'l Hasan anajambula Jahangir atakoka uta, akulasa mutu wa Malik Ambar womwe wadulidwa n'kubayidwa pa mkondo. Chithunzichi chikusungidwa ku Chester Beatty Library ku Dublin. Jahangir waima pa mpira wa dziko lapansi, wofanana ndi omwe Azungu ankabweretsa ngati mphatso, ndipo izi zikugwirizana ndi dzina lake, lomwe limatanthauza wogwira dziko lonse. Mpirawo wasenzedwa ndi ng'ombe, ng'ombeyo yaima pa nsomba yaikulu, monga nthano zakale za ku Persia ndi ku Arabia zinkafotokozera maziko a dziko. Ahindu nawo ali ndi nkhani ya nsomba yomwe inapulumutsa munthu pa chigumula. Pa mpirawo nyama zolusa zagona mwamtendere ndi nyama zomwe zimadya. Owerenga Baibulo akumbukira mneneri Yesaya, ndipo chithunzi chotere chinalidi kumayambiriro kwa Baibulo lija la ku Antwerp. Olemba a ku Persia nawonso ankati pansi pa mfumu yachilungamo ngati Solomo, chilombo sichigwira chiweto. Tiangelo tija tabweranso, ulendo uno tikupatsira mfumu zida.

Palinso unyolo wa mabelu womwe wapachikidwa sikelo. Unyolowu unaliko ndithu: Jahangir anapachika unyolo wagolide wa mabelu 60 pa linga la ku Agra kuti woponderezedwa aziugwedeza mfumu imve. Sikelo aliyense wogulitsa mbatata ya kachewere pa Biri-Biri kapena fodya ku Macanga akuidziwa, ndipo akudziwanso kuti chilungamo chimayambira pamenepo. Pamutu wa Malik Ambar patera kadzidzi. Apa Mchewa safuna womasulira. Kwa anthu a Mughal, monganso kwathu, kadzidzi ndi mbalame ya mdima ndi malodza. Wojambula anaika mfumu yake kumbali ya kuwala, mdani wakudayo kumbali ya usiku.

Chithunzichi ndi chokongola, koma zomwe chikuonetsa sizinachitike. Jahangir sanadule mutu wa Malik Ambar. Mu 1624 Malik Ambar anagonjetsa asilikali a Mughal ndi a Bijapur pa nkhondo ya Bhatvadi, ndipo anamwalira ali nkhalamba mu 1626. Chaka chotsatira Jahangir nayenso anamwalira. Zomwe analephera ndi asilikali, mfumu inazichita ndi utoto.

Tisaganize kuti ojambulawa sankatha kujambula zoona. Mu 1621 kunyumba ya Jahangir kunafika mbidzi yochokera ku Africa. Anthu ena anakayikira kuti mizere yake ndi yochita kupaka, ndipo mfumu inalamula kuti aifufuze mpaka anatsimikiza kuti ndi chibadwa. Wojambula Mansur anaijambula mwaluso lomwe munthu wodziwa mbidzi sangatsutse, ndipo chithunzicho chili ku Victoria and Albert Museum ku London. Mfumu yomwe inafuna choonadi pa mizere ya mbidzi ndi yomweyo inajambulitsa loto lake pa mutu wa mdani. Kusiyana kunali pa ntchito yomwe chithunzi chilichonse chinkayenera kugwira.

Malik Ambar sanali Mwafirika yekhayo ku India. Pa zombo zija zobwerera ku Goa, Diu ndi Damão munkakwezedwanso akapolo ochokera ku Mozambique. Ena mwa anthu omwe lero amatchedwa Siddi, okhala m'zigawo za Karnataka ndi Gujarat, ndi zidzukulu zawo. Ku Gujarat gule wa anthu a Siddi amatchedwa goma, liwu lomwe ndi limodzi ndi ng'oma yathuyi.

Ifenso timabwereka

Zimene ankachita ojambula a Jahangir si zachilendo kwa ife. Za kudambwe sitilowamo, koma aliyense amene waonera Gule Wamkulu pabwalo amawadziwa Maliya ndi Simoni. Mayinawo anabwera ndi amishoni, ndipo nkhope yofiira ya Simoni imakumbutsa mzungu wopsa ndi dzuwa. Koma akatuluka pabwalo salalikira za mishoni. Amavina ng'oma za Achewa ndipo amaphunzitsa mwambo wa Achewa. Makolo athu anaona mlendo wamphamvu, anatenga maonekedwe ake, n'kumulowetsa m'gule wawo kuti anene zomwe iwo ankafuna kunena. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi, Maliya ndi Simoni ali momwemo.

Mbendera yathu nayo ili ndi khasu, buku, mfuti ndi nyenyezi. Mfutiyo ndi ya mtundu womwe unapangidwa ku Soviet Union, koma pambendera ikukamba za nkhondo ya ufulu ndi kuteteza dziko lino. Ngakhale m'munda zili chimodzimodzi. Chimanga, mbatata ya kachewere ndi fodya zonse zinachokera ku America, koma palibe mlimi wa ku Ntengo-wa-Mbalame amene angavomere kuti nsima ndi chakudya chachilendo. Banja la Pereira lija nalonso linafika ndi dzina lachipwitikizi ndi magazi a ku Goa, koma kuti lilamulire Macanga linayenera kulowa m'maukwati, m'mayina ndi m'miyambo ya eni nthaka.

Pali maphunziro awiri apa, ndipo amafunika kuyendera limodzi. Loyamba ndi lakuti chinthu kukhala ndi chiyambi chakunja sikuchilanda umwini. Anthu a m'malire amamva kawirikawiri mawu akuti ichi n'cha ku Malawi, icho n'cha ku Mozambique, ichi n'cha azungu, ngati kuti chikhalidwe chenicheni ndi chomwe sichinakhudzane ndi wina aliyense. Zithunzi za Mughal zimawerengedwa m'gulu la luso lapamwamba la India, pomwe m'kati mwake muli Persia, Antwerp, London ndi Goa.

Lachiwiri ndi lakuti chithunzi cha munthu wamphamvu chimajambulidwa ndi cholinga. Masiku ano zithunzi zimatipeza pa zitenje ndi makapulana a misonkhano, pa malaya a kampeni, pa zikwangwani za mbewu ndi feteleza, ndiponso pa WhatsApp, pomwe munthu angathe kuikidwa pamalo omwe sanafikepo monga anachitira James I. Chimanga cha pa chikwangwani chimakhala ndi zisononkho zazikulu nthawi zonse, ndipo mtsogoleri wa pansalu sakhala ndi makwinya. Musanakhulupirire kapena kutumizira ena, dzifunseni mafunso omwe tafunsa pa zithunzi za Jahangir. Wajambulitsa ndani? Zizindikiro zomwe zilipo zatengedwa kuti, ndipo pano zikugwira ntchito yanji? Ndani waikidwa pamwamba, ndani pansi, ndipo kadzidzi wamuteretsa pamutu pa yani? Kenako funsani ngati zomwe zikuonekazo zinachitikadi.

Aphunzitsi ndi ophunzira omwe ali ndi foni ya intaneti angathe kuona zithunzi zitatuzi polemba mayina a Bichitr, Abu'l Hasan ndi Mansur pamodzi ndi la Jahangir. Mukaziona, musathamange. Yambani pamwamba, tsikani pang'onopang'ono, ndipo muwerenge zinthu zomwe mukuzizindikira popanda wokuuzani: dzuwa, mwezi, ng'ombe, nsomba, sikelo, kadzidzi. Mukatero, pitani kwa agogo a ku Macanga mukawafunse zomwe anamva za Chinsinga ndi makolo ake, ndipo muzilembe, chifukwa mbali yaikulu ya mbiri ya banjali yomwe ili m'mabuku inachokera m'makalata a Apwitikizi omwe ankamenyana nalo.